Amayi amaliza kemo, tsopano akuti akupita kukalima. Ndiwalole?

Nangozo25
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga pano, lero ndabwera ndi yanga. Amayi anga, a zaka 58, anawachotsa bere lakumanzere chifukwa cha khansa mu Malichi, pamodzi ndi tizigawo ta m'khwapa tija timatupa munthu akachita mwanabere. Bala litapola analandira kemo, mankhwala a khansa odzera m'dripu, maulendo 8, pakatha masabata atatu aliwonse. Dripu yomaliza inali masabata 5 apitawa. Miyezi yonseyi akhala kwanga kuno ku Lilongwe. Anawapatsa mapiritsi a tamoxifen, limodzi patsiku, ndipo m'kabuku analembamo kuti tibwerenso mu Januwale.

Tsono mvula yagwa ku Ntcheu. Chikwama anamanga kale Lolemba, akuti munda salimira pafoni. Achimwene anga aakulu akuwaikira kumbuyo, ati matenda anatha, ndikuwasungiranji m'tauni ngati nkhuku yachizungu. Koma ine amene ndikukhala nawo ndikuona zina. Akasesa pakhonde pokha amakhala pansi kupumira m'mwamba. Mkono wakumanzerewo akuti ukulemera, ndipo mphete yawo yaukwati yasiya kulowa. Dzulo tikuchokera kumsika patapata inawavuka iwo osamva, anayenda ndithu phazi lili pansi mpaka mwana wina anatithamangira nayo.

Amene munadutsamo, kodi zimenezi zimachitika? Ndiwalole apite? Nanga ulendo wa mu Januwale ndi wofunikadi, poti achimwene akuti n'kungotaya ndalama za thiransipoti?

Bambo_a_Tada
Musawalole. Basi.

Chitedze_Girl
@Bambo_a_Tada mwayankha ngati simunasungepo mayi wakumudzi m'nyumba mwanu. Mayi wachingoni atamanga chikwama, mvula itagwa, angamuletse ndani?

MaiWaMapasa
Achemwali a Nangozo, pepani ndi matenda. Ine ndine mmodzi wa odutsamo, bere langa lakumanja linapita mu 2021. Ndikuuzeni chimene palibe anandiuza. Tsiku la dripu yomaliza abale amalulutira, amapha nkhuku, kenako aliyense amabwerera ku zake poganiza kuti nkhani yatha. Iwe mwiniwake m'pamene thupi limayamba kukulipiritsa ngongole. Ine panadutsa miyezi ngati 8 ndisanathe kuchapa ndi kuphika tsiku limodzi. Ndikachapa lero, mawa ndigone. Apongozi anafika ponena kuti ndazolowera kudyetsedwa. Kutopa kwa kemo sikutha ndi tulo ayi. Umagona usiku wonse n'kudzuka ngati wachoka kuchigayo ndi thumba pamutu.

Dzanzi nanenso linandigwira. Kwa ine anali mankhwala aja a paclitaxel, a maulendo anayi omaliza. Ndinkalephera kumanga mabatani a yunifolomu ya mapasa anga, singano osaigwira n'komwe. M'manja linatha patapita chaka, koma zala zakumapazi mpaka lero zimandikumbutsa kukazizira mu Juni. Amayiwo agulireni nsapato zotseka, zomanga. Kumunda ndi phazi losamva, chisonga chiwalasa iwo osadziwa, adzangoona magazi.

Koma chimene chandichititsa kulemba ndi mkonowo. Umenewo musadikire nawo Januwale. Pitani nawo sabata ino.

Nangozo25
Zikomo mayi. Ndawawerengera amayi zomwe mwalembazi, angoti "nanga iwowo ali ndi munda?" Koma za nsapato avomera.

MaiWaMapasa
Auzeni ndili ndi dimba ku Lunzu, ndipo ndikulima. Kungoti sindinayambe ndi khasu sabata yachisanu.

Sisitala_Wopuma
Ndagwira unamwino zaka zambiri, tsopano ndinapuma. Pafoni sindingamuyeze munthu, ndiye zomwe ndinenezi zisalowe m'malo mwa dokotala wa amayi.

Tizigawo ta m'khwapa tomwe anachotsato ndi ngati ngalande. Timatulutsa madzi a m'mkono kubwerera nawo m'thupi. Akatichotsa, madzi aja amatha kudikha, mkono n'kuyamba kulemera ndi kutupa. Ena zimawayamba patangopita miyezi, ena patapita zaka. Mphete kusalowa ndi malaya kuthina mkono umodzi ndi zizindikiro zoyamba. Kutupa kukagwidwa koyambirira kumamvera, kukasiyidwa mkono umalimba n'kuvuta kubweza. Komanso si kutupa konse komwe kuli madzi. Nthawi zina ndi magazi oundana mumtsempha, nthawi zina ndi tizilombo talowa pakhungu. N'chifukwa chake ndikugwirizana ndi a MaiWaMapasa kuti akaonedwe tsopano.

Podikira, tengani tepi ya telala, muyeze mikono yonse iwiri malo ofanana: padzanja, pansi pa chigongono ndi pamwamba pake. Lembani papepala ndi deti, mukawaonetse kuchipatala. Pogona aziika mkonowo pamwamba pa pilo. Khungu lisaume, azidzola Vaseline. Asamale ndi moto wa pambaula, mpeni, minga ndi udzudzu, chifukwa pakabala kakang'ono m'pomwe tizilombo timalowera. Poyeza BP kapena pobaya jekeseni azipereka mkono winawo ngati n'kotheka. Mkonowo ukafiira, kutentha, kupweteka, iwo n'kumva kuzizidwa, limenelo ndi la tsiku lomwelo, osati la mawa.

Za tamoxifen: amenewa si mapiritsi a mutu oti ukapeza bwino usiye. Amaperekedwa kwa omwe khansa yawo imakula ndi mphamvu ya mahomoni achikazi, ndipo nthawi zambiri amamwedwa zaka 5, ena kuposera apo. Ntchito yake ndi kuchepetsa mpata woti matenda abwerere. Amabweretsa kutentha m'thupi ndi thukuta la usiku, zimenezo zisawaopse. Zoopsa ndi mwendo umodzi kutupa n'kumapweteka, kubanika mwadzidzidzi, kapena kutaya magazi kumaliseche pomwe anasiya kale kusamba. Zikatero athamangire kuchipatala.

Achimwene anuwo auzeni kuti Januwale si ulendo wokacheza. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira munthu amaonedwa pafupipafupi, pakatha miyezi 3 mpaka 6, kenako amatalikitsa. Amapapasa pabala, m'khwapa, pamwamba pa fupa la pakhosi ndi bere linalo, ndipo bere lotsalalo limafunika kuunikidwa chaka ndi chaka.

KuJoni_Mfana
Asisi musavutike. Kuno anthu akuchira ndi masamba a soursop, kuwiritsa n'kumamwa m'mawa ndi madzulo. Onjezerani chammwamba ndi nimu, ndipo shuga asiyiretu chifukwa khansa imadya shuga. Mapiritsi zaka 5 n'chiyani? Chiwindi chitha. Ndikhoza kukutumizirani pa basi.

Bambo_a_Tada
Zayambika.

Sisitala_Wopuma
@KuJoni_Mfana mwana wanga, mtima wofuna kuthandiza ndauona. Koma palibe umboni woti masamba amenewo amachiritsa khansa mwa munthu. Chammwamba ngati ndiwo, yotendera nsinjiro, palibe vuto, ndi chakudya chabwino. Chomwe ndakana ndi kuwiritsa makungwa ndi masamba osadziwa muyezo n'kumamwa mabotolo. Chiwindi chomwe mukuchiderera nkhawacho ndi chomwe chimavulala nazo. Ndipo kuuza munthu kuti asiye tamoxifen ndi mlandu waukulu.

KuJoni_Mfana
Koma azakhali a mnzanga anachira nawo.

Chitedze_Girl
Azakhali a mnzanuwo anachitidwa opaleshoni kapena ayi?

KuJoni_Mfana
Anachitidwa, komanso kemo analandira. Koma masamba ndi omwe anamaliza ntchito.

Chitedze_Girl
Ndiye wina walima, wapalira, wabandira, inu mwangobwera ndi dengu pokolola n'kumati chimanga n'chanu.

Mvano_Chigodi
Ine ndingokumbutsa kuti wochiritsa ndi Mulungu. Kwathu kuno mayi wina anapemphereredwa, anataya mapiritsi onse pamaso pa mpingo. Kubwererabwerera kuchipatala nthawi zina kumaonetsa kuti tikukayika.

Nasibeko_Zomba
Mayi a Mvano, ndikulemekezani, inenso ndine wa chigwirizano ndipo Lachinayi sindijomba. Koma mawu amenewo anandilanda mnzanga. Tinkagona mabedi oyandikana, tonse a khansa ya khomo la chiberekero. Iye atatuluka anauzidwa kuti kabuku ka kuchipatala ndi chizindikiro cha kusakhulupirira, anakawotcha. Atayambanso kutaya magazi anabisa miyezi, kuopa kuti anthu anena kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Pomwe ankabwera naye pa machila panalibenso chochita koma kumupatsa mofini wochepetsa ululu. Ine popita kukaonedwa ndimapemphera m'minibasi, ndikafika ndimapemphera pabenchi, ndikatuluka ndimayamika. Sindinaonepo pomwe ziwirizi zikulimbana.

Mvano_Chigodi
Pepani ndi mnzanuyo. Sindinati aliyense ataye mankhwala.

Bambo_a_Tada
Mwanena. Werenganinso zomwe mwalemba.

Woyang'anira_Gulu
Abale, lamulo la gulu lino mukulidziwa: sitiuza munthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala, ndipo sitigulitsa zitsamba pano. Mapemphero ndi olandiridwa. @KuJoni_Mfana ndachotsa nambala ya foni mwaika ija. Tibwerere ku funso la a Nangozo.

NamaLeeds
Ndikugwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK, ndipo angapo mwa iwo anachotsedwa mawere kalekale. Ndikufuna kutsutsako pang'ono nkhani yoti amayi asagwire kanthu. Kale ankauza anthu kuti mkono wotere usanyamule ngakhale kapu, koma malangizo anasintha. Mkono wongoupinda pachifuwa phewa lake limauma, munthu n'kulephera kumanga duku. Chofunika ndi kuugwiritsa ntchito pang'onopang'ono, kumawonjezera sabata ndi sabata. Pali masewero osavuta: aime moyang'ana khoma, zala ziziyenda pakhoma kukwera m'mwamba ngati buluzi, aike chizindikiro ndi makala pomwe afika, mawa ayese kupitirira. Kuyenda pansi tsiku lililonse nakonso kumachepetsa kutopa kwa kemo kuposa kungogona.

MaiWaMapasa
@NamaLeeds za khoma ndikuvomereza, nanenso ndinkachita, khoma langa la kuchipinda lidakali ndi mizere ya makala. Koma inu mukunena za agogo a ku Leeds omwe ntchito yawo yaikulu ndi kunyamula ketulo. Amayi a Nangozo akafika ku Ntcheu palibe pang'onopang'ono. Tsiku loyamba ndowa ya malita 20 kumjigo, lachiwiri munsi, lachitatu khasu kuyambira mbandakucha. Ndipo sadandaula, chifukwa anansi akuyang'ana.

NamaLeeds
Pamenepo mwandigonjetsa. Ndaiwala kuti kwathu mawu oti pang'ono amatanthauza theka la munda.

Gogo_wa_Dedza
Ana inu mukukamba za mkono, za mapiritsi, koma mtima wa mayiyo simukuukamba. Ine ndinadwazika malemu amuna anga m'tauni miyezi isanu ndi umodzi. Nyumba ya mwana wako, ngakhale akukonde bwanji, si yako. Umapempha chilolezo choyatsa wailesi. Zidzukulu zikapita kusukulu umangoyang'ana mpanda wa njerwa. Mayiyu wataya bere, wataya tsitsi, miyezi yonseyi wakhala munthu wouzidwa pokhala ndi pogona. Chomwe chamutsalira choti n'chake ndi munda umenewo. Mukamuletsa mwamutsekera m'ndende, ndipo nsima ayamba kuikana. Mulekeni apite akaone mbewu yake ikumera, koma khasu ligwidwe ndi wina.

Nangozo25
Agogo, mwandiliritsa. Usiku wina ndinawapeza atakhala mumdima pabalaza akusisita pachifuwa. Nditafunsa anati "ndikungoganiza mbuzi zanga". Sindinamve zomwe amatanthauza.

Chitedze_Girl
Ndiye achimwene aja akufuna kuti amayi apite, alipire aganyu. Pakamwa pokha ayi.

Bambo_a_Tada
Apa ndiye ndagwirizana nanu koyamba. Ndasintha mawu anga: apite, koma mkono uyambe waonedwa, ndipo achimwene atulutse ya ganyu ndi ya feteleza.

KuJoni_Mfana
Feteleza wake uti? Mtengo wa thumba limodzi pano ndi lendi yanga ya kuno. Mwezi watha ndatumiza ndalama kumudzi, akuti yangokwana thumba limodzi ndi mbewu pang'ono.

Chitedze_Girl
Ife tinayamba manyowa a Mbeya, kusakaniza feteleza pang'ono ndi gaga, phulusa ndi ndowe. Si zofanana ndi feteleza weniweni koma munda sugona.

Bambo_a_Tada
Nkhani ya khansa yasanduka ya alangizi a zaulimi.

Ankolo_Jombo
Ndibwezeko kunjira. Ine ndine bambo, yanga inali ya m'matumbo. Anadula chigawo cha thumbo mu 2022, ndinakhala ndi kathumba kapamimba kotulukira chimbudzi pafupifupi chaka asanalumikizenso. Za kathumbako ndingalembe buku: kusowa kwake, kudula mapepala a pulasitiki pomwe tatha, kuopa kukwera minibasi, kukhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi. Koma ndikufuna ndiyankhe achimwene a Nangozo, mwamuna mnzanga.

Nanenso ndinajomba. Nditamaliza kemo ndinanenepa, ndinabwerera kuntchito, ndinati za chipatala zakwana. Kunena zoona sinali nkhani ya thiransipoti. Ndinkaopa. Fungo la m'khonde lija lokha linkandibweretsera nseru, ndipo sabata yoti ndikaonedwe sindinkagona, kuganiza kuti akapeza china. Ndinadumpha maulendo awiri. Mayi a kunyumba ndi omwe anandigwira pakhosi. Nditapita anandiunika m'matumbo n'kupeza kanyama kakang'ono, anakachotsa pomwepo popanda kung'amba pamimba. Adokotala anati tinthu totere tikasiyidwa tina timasanduka khansa. Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera.

Ndiye mwina achimwene anuwo si kuuma mtima. Mwina akufuna nkhaniyi ithe chifukwa nawonso atopa ndi mantha. Amuna sitinena kuti ndikuopa, timati n'kutaya ndalama. Atengeni apite nawo tsiku limenelo, akamve okha kuchokera kwa dokotala.

Nangozo25
Ankolo, mwina mukunena zoona. Tsiku la opaleshoni iwo sanalowe n'komwe mu wodi, anangokhala panja pansi pa mtengo tsiku lonse.

Sisitala_Wopuma
A Nangozo, funso lina. Kodi adokotala ananenapo za kuwotcha ndi makina, radiotherapy? Si onse ochotsedwa bere omwe amafunika, zimatengera kukula kwa chotupa ndi zomwe anapeza m'tizigawo ta m'khwapa atatiyeza ku labu. Koma kwa omwe akufunika, sachedwetsa miyezi yambiri kemo ikatha. Pepala la zotsatira za ku labu muli nalo?

Nangozo25
Pepala lilipo koma lili m'Chingerezi cha madokotala, sindinamvepo kanthu. Za makina sitinafunse. Tsiku lomaliza lija tinali ndi chimwemwe, tinangothokoza n'kutuluka.

Sisitala_Wopuma
Safunsa anadya phula, mwana wanga. Popita ndi mkonowo mutenge pepalalo, mufunse mafunso atatu: khansa inali pa siteji yanji, m'khwapa anapezamo kanthu kapena ayi, ndipo makina akufunika kapena ayi. Lembani mayankho. Kale funso limeneli linali lowawa chifukwa makinawo m'dziko muno munalibe, anthu ankadikira pamndandanda wopita ku India, ku Tanzania kapena ku Kenya, ena ankadzilipirira ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Ku Blantyre makina anayamba ntchito mu 2024 pachipatala cholipira, ndipo mu 2025 anatsegulira ku National Cancer Centre ku Lilongwe konko, pafupi ndi Kamuzu Central. Ndiye muli pafupi, funsani.

Nasibeko_Zomba
Za mapepala ndiwonjezere. Jambulani tsamba lililonse la kabuku ndi zotsatira zonse pafoni, mutumizenso kwa m'bale wina. Ine kabuku kanga kananyowa denga litadontha, inki yonse inafalikira. Nditapita pachipatala china chapafupi, wondiona anayamba kundifunsa kuyambira pachiyambi, ine osadziwa ngakhale dzina la mankhwala omwe ndinalandira. Fayilo yanga kuchipatala chachikulu inatenga masiku kuti ipezeke. Amayi akapita kumudzi, kabuku kazikhala m'jumbo, m'chikwama, osati pansi pa mphasa.

Ndipo pali nkhani ina yomwe sitiikamba, poti pano pali abambo, koma ndinena. Ife ochotsedwa chiberekero ndi mazira tisanafike msinkhu, thupi limasintha tsiku limodzi. Kutentha, kuuma, kusafuna za m'banja. Bambo akunyumba anamva kwa anzawo kumowa kuti khansa imapatsirana pogonana, anasamukira pabalaza miyezi inayi. Anamwino ndi omwe anatiitana tonse awiri n'kumufotokozera kuti khansa sapatsirana, chomwe chimapatsirana ndi kachilombo ka HPV, koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, komwe anthu ambiri amakhala nako osadziwa. Lero ndi iyeyo amene amandikumbutsa deti. Ana athu aakazi tinawabayitsa katemera wa HPV, uja anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 mu 2019. A Nangozo, inunso mudziyeze mawere mwezi ndi mwezi, ndipo mukauze achipatala kuti amayi anu anadwala.

Chitedze_Girl
Pabalaza miyezi inayi! Udzudzu unamulanga mokwanira.

MaiWaMapasa
Poti a Nasibeko atsegula chitseko: kwa achitsikana omwe muli pa tamoxifen ndipo mukusambabe, mimba siloledwa pomwe mukumwa, komanso jekeseni yolera, mapiritsi ndi kam'mkono kaja sizigwirizana ndi khansa ya m'mawere chifukwa zili ndi mahomoni. Ine anandiika lupu ya kopa. Kafunseni, musangopita kusikelo n'kubayitsa mwachizolowezi.

Za pachifuwa, a Nangozo, amayi sangakuuzeni koma zimawavuta povala bulauzi ya ku tchalitchi. Ine telala anandisokera kathumba m'kati mwa bra, ndimaikamo kansalu kofewa kopindapinda. Ndinayamba ndi masokosi, tsiku lina sokosi inagwa ndikuwerama pamaliro. Ndinaseka ndekha mpaka anthu anaganiza kuti ndikulira.

Gogo_wa_Dedza
Nanga kudya akudya?

Nangozo25
Pang'ono. Akuti chilichonse chikumveka ngati akutafuna supuni. Nyama akuikana. Chomwe chikulowa ndi phala ndi thobwa.

Sisitala_Wopuma
Kakomedwe kamabwerera, kawirikawiri m'miyezi yochepa. Phalalo muzithiramo nsinjiro kapena chiponde, dzira, mkaka ukapezeka. Usipa, nyemba, bonongwe, mapapaya, nthochi, mango poti ndi nyengo yake. Adye pang'ono koma kangapo patsiku. Kufinyira ndimu pandiwo kumathandiza ena kuchotsa kukoma kwa chitsuloko, bola m'kamwa mulibe zilonda. Musawamane zakudya chifukwa cha mndandanda wa pa WhatsApp woletsa nsima, shuga, mkaka ndi nyama. Munthu wochoka pa kemo akufunika kubweza thupi. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala, makamaka dzinja lino.

China: kumudzi nthawi ya mvula ndi nthawi ya malungo. Azigona m'neti. Asilikali a m'thupi amatsika kwambiri pakati pa masiku 7 ndi 14 kuchokera pa dripu, amayi adutsa pamenepo, koma thupi silinabwerere mwakale. Akatentha thupi kufika 38 asangogula panado pagolosale. Akayezetse, ndipo anene poyamba penipeni kuti achoka pa kemo. Muwagulire kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, muphunzitse mdzukulu kuwerenga kwake.

Zoti akaziona asadikire deti ya m'kabuku: kachotupa pabala, m'khwapa kapena pabere linalo, msana kapena fupa lopweteka masabata osasiya makamaka usiku, chifuwa chosatha, mutu wosamva mankhwala, maso achikasu, kuonda popanda chifukwa. Zambiri mwa izi zimapezeka kuti ndi zina, koma woti anene zimenezo ndi dokotala.

KuJoni_Mfana
Chabwino ndamva, za masamba ndasiya. Koma asisi, malaya a mkono othina aja ovala anthu otupa mikono kuno amapezeka m'mafamase. Adokotala akanena kuti akufunika, mundiuze saizi kudzera kwa a Woyang'anira.

NamaLeeds
Amayiwo ayambe ayezedwa mkono ndi a fiziyo, achipatala ophunzitsa masewero olimbitsa thupi. Wothina kwambiri amawonjezera vuto.

Mvano_Chigodi
Ife Lachinayi tiwapempherera amayiwo. Ndipo ngati kwawoko kuli amayi a Mvano, auzeni, kutunga madzi ndi kusinja angathandize. Imeneyo ndi ntchito yathu.

Nasibeko_Zomba
Apo ndiye mwalankhula, mayi.

Nangozo25
Ndabwera ndi lipoti, abale. Tinapita dzulo, achimwene ndinawakoka, anabwera nkhope ili gwa. Mkono anauyeza, ndi madzi aja ananena a Sisitala, akuti tafulumira. Kusiyana kwake ndi winawo ndi masentimita awiri pamwamba pa chigongono, ndendende zomwe ndinapeza ndi tepi ya telala. Atitumiza kwa a fiziyo, aphunzitsa amayi masewero ndi kasisitidwe kake, tibwererakonso Lachisanu. Za makina ndinafunsa monga munandiuzira. Adokotala anawerenga pepala lija n'kunena kuti m'khwapa munalibe kanthu ndipo chotupa chinachotsedwa chonse, ndiye kwa amayi sakufunika. Tamoxifen atipatsa wokwana mpaka Januwale.

Achimwene anafunsa okha kuti "ndiye achira?" Adokotala anati lero palibe chomwe chikuoneka, ndipo ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti zikhale choncho, n'chifukwa chake akufuna kumawaona. Achimwene anangoti zii. Potuluka anandipatsa ndalama ya aganyu awiri osanena kanthu.

Tagwirizana kuti amayi apita Loweruka la sabata ya mawa. Mdzukulu wawo wa Fomu 2 azigona nawo, ndiye wosunga mapiritsi ndi kuchonga pakalendala. Khasu ayi, munsi ayi, ndowa ayi. Kubzala ndi kuyang'anira aganyu, eya. Amayi avomera zonse mofulumira kwambiri moti ndikukayika.

MaiWaMapasa
Kayikani ndithu. Khasulo mukalibise kwa aneba.

Gogo_wa_Dedza
Akabwereka lina.

Ankolo_Jombo
Deti ya Januwale ilembedwe pakhoma, ndipo ndalama ya ulendo ikhale padera kuyambira lero, isadyedwe pa Khirisimasi. Achimwene ndi omwe akawatenge.

Nangozo25
Ndawauza, ati aona. Tsitsi layamba kumera, lofewa ngati la khanda, ndipo likutuluka loyera pomwe kale linali lakuda bii. Amayi akufunsa ngati angalidaye asanapite, akuti anthu a kumudzi asawaone ngati nkhalamba. @MaiWaMapasa inu munadikira nthawi yaitali bwanji?